Malaya a Maluwa ndi Dazi la Sekuru Phiri

Anzanga, ine ndi munthu wamanyazi, kudera lathu la Zengeza 3, kuno kunja kwa Malawi, aliyense amadziwa. Ndinafika zaka makumi anayi ndisanakwatire, osati akazi kunalibe, koma ndikafuna kuyankhula pakamwa pankangouma gwa. Ndiye Esinati, mayi wogulitsa masamba pokwerera makombi, maminibasi a kuno, atandilola, ndinaona ngati kumwamba kwatseguka. Kenaka anandiuza kuti ndikaonekere kaye kwa amalume ake ku Unit L, ndipo iwowo akakana, ukwati palibe. Amalumewo ndi Sekuru Phiri (sekuru ndiye kuti malume m'Chishona), mkulu wa mpingo, munthu woti ndinkangomuonera patali chifukwa cha mantha.

Nanga ndikanafunsa nzeru kwa ndani? Makolo anga anatisiya kale, mwambo wa kwathu ndimaudziwa mwapatalipatali, ndipo anzanga a kuntchito akanandiseka mpaka chaka kutha. Ndiye ndinalowa m'gulu lina la pa foni la ife adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, momwe aliyense amalemba ndi dzina lopeka. Ine ndinadzitcha Mkango Wolusa. Inde, ine amene ndimapatukira ndi nkhuku yomwe.

Poyamba zinandithandiza, ndisaname. Ndinakhuthula zonse zimene sindinauzepo munthu, kuti ndimamukonda Esinati, kuti ndikamutaya ndidzafa mbeta, kuti mantha akundisowetsa tulo. Anthu osandidziwa anandilimbitsa mtima. Wina wodzitcha Kaduwa, amene pa chithunzi anaika duwa, anandilangiza bwino kuposa onse. Anati ndipite ndi nkhoswe, ndisakhale pampando ndisanauzidwe, ndiombe m'manja popereka moni. Ndinadabwa kuti kamtsikana kangadziwe mwambo chonchi.

Vuto ndi lakuti Mkango unayamba kukula mtima. Wina atafunsa kuti amalumewo ndi otani, zala zanga zinathamanga zokha. Ndinalemba kuti ndi mdala wovuta wa ku Unit L, wolalikira mpaka ana kugona, wadazi lowala moti magetsi akazima anthu amawerengera Baibulo pamutu pake. Gulu lonse linafa ndi phwete, ndipo ine, amene sindinaseketsepo munthu chibadwire, ndinamva kukoma n'kuwonjezeranso zina za mphuno.

Kenaka ndinagula malaya pa kaunjika, a maluwa ofiira ndi achikasu, oti ndikavale tsikulo. Ndinawayala pabedi, kuwajambula, n'kutumiza m'gulu muja. Nkhope yanga sinaoneke, ndiye ndinkaopa chiyani? Kaduwa anayankha msanga kuti malayawo ndi katani ya kukhitchini, ndisayerekeze kupita nawo kwa akuluakulu. Ndinapsa mtima. Ndinamulembera kuti ndi kamwana kamamina, kakatsuke mbale, zaukwati kasiyire anthu akulu, ndiponso kuti kwawo sanakalere bwino. Iye anangoti zikomo, tidzaonana.

Loweruka litafika ndinavala malaya omwewo, mwa makani chabe. Ndinatenga a Banda, eni nyumba imene ndimachita lendi, kuti akhale nkhoswe yanga. Tinafika, tinakhala pansi, tinaomba m'manja, zonse monga anandiphunzitsira Kaduwa. Esinati anali pakhomo la kukhitchini ndi azakhali ake, akumwetulira.

Sekuru Phiri analowa, anakhala, n'kuvala magalasi. Nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe, maso awo anali pa malaya. Anawayang'ana kuyambira pa kolala mpaka pa batani lomaliza, kenaka anatulutsa foni m'thumba, kuyang'anamo, kuyang'ananso malaya. Ine ndinkaganiza kuti awakonda. A Banda anayamba kufotokoza chimene tadzera, koma mkuluyo anakweza dzanja.

"Mukwasha," anatero, ndiye kuti mkamwini m'Chishona, "kuno magetsi azima kuyambira m'mawa. Tasendera pafupi, uwerenge Baibulo pa dazili."

Anzanga, munayamba mwamvapo thupi lonse likuzizira dzuwa likuswa mtengo? Ndinayang'ana pansi kuti mwina simenti ing'ambika ndilowe, koma inali yolimba. A Banda anandigunda ndi chigongono n'kundinong'oneza kuti kodi akunena chiyani.

"Mkango Wolusa, sundilonjera? Kaduwa ndine," anatero Sekuru Phiri.

Mkulu wa mpingo! Mdala wa zaka makumi asanu ndi awiri, duwa pa chithunzi! Anafotokoza mosatekeseka kuti akalowa m'gulu ndi dzina lawo lenileni aliyense amasanduka mngelo, koma Kaduwa amamva zoona. Atatero anayamba kuwerenga mokweza zonse zimene ndinalemba, za dazi, za ulaliki, za mphuno, za mamina. Azakhali anagwira pakamwa. Esinati anasiya kumwetulira, ndipo mumtima ndinatsanzikana naye.

Koma mkuluyo sanalekere pomwepo. Anabwerera m'mbuyo mpaka pa mauthenga oyamba aja, n'kuwerenganso kuti ndimamukonda Esinati ndipo ndikamutaya ndidzafa mbeta. Mawu amenewo ndinali ndisanamuuzepo mwini wake, anawamva koyamba kuchokera pakamwa pa amalume ake. Ndinaona Esinati akupukuta m'maso ndi chitenje.

Sekuru anavula magalasi n'kunena kuti munthu akabisala ndiye amatulutsa za mumtima, ndipo mwa ine aonamo chipongwe, aonamonso chikondi. Mkazi anandipatsa. Koma anati popeza ndinalamula Kaduwa kuti akatsuke mbale, ndimuonetse kaye katsukidwe kake. Tsiku limenelo anthu odutsa mumsewu anaona mkamwini wamkulumkulu atagwada panja, atavala maluwa, akukwecha miphika, mdala atakhala pampando akuloza pamene patsala mwaye.

M'gulu muja ndinatulukamo madzulo omwewo, ndipo ndinalumbira kuti zimene sindingamuuze munthu pamaso, zala zanga sizidzalembanso. Malaya aja musawafunse. Titangolowa m'banja Esinati anawadula manja n'kuwapachika pa zenera la kukhitchini, ndipo Sekuru Phiri akabwera kudzationa amaima pamenepo, kuwasisita, n'kunena kuti katani imeneyi ndiyokongola.