Oilo Wofiira pa Ukwati wa Esinati

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika ku Msoro, sipalephera wina woyetsemula dala. Ndikacheuka, onse amakhala ali kalikiliki kusankha tomato. Ndimangopitirira, chifukwa nkhani yake ndikuidziwa, ndipo wolakwa ndimagona naye m'malaya amodzi. Bola ndikuuzeni ndekha ena asanakuuzeni atathira mchere.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa kampu ina ya alendo odzaona nyama ku Nkwali. Ntchito yanga inali kutsuka magalimoto ndi kupatsira makaniko masipanala (kumudzi ndinkati ndine wachiwiri kwa makaniko, ndipo palibe anabwera kudzatsimikiza). Kuseri kwa galaja kunali galimoto yakale ya mwini kampuyo, mzungu wina wokalamba. Inali yaitali, yakuda, ya mipando yachikopa, ndi thabwa lonyezimira kutsogolo kwa dalaivala. Inafa kalekale, moti agologolo anali ataberekeramo mibadwo ingapo. Mzunguyo ali pafupi kubwerera kwawo anandipeza ndikuisisita, n'kundiuza kuti ndikatha kuichotsa pamenepo ndi yanga. Thirakitala yonyamula thonje ndi imene inandikokera mpaka pakhomo.

Chaka chomwecho mwana wathu woyamba, Esinati, anapeza banja. Mnyamatayo, Lameki, anali mphunzitsi, ndipo akwawo anali anthu a ku boma ku Mambwe, ovala nsapato ngakhale popita kumunda. Azakhali ake, mayi wina wa magalasi, sankabisa kuti mwana wawo akutsika pokwatira kwathu. Tsiku lokambirana za ukwati anafunsa, maso ali pa njinga yanga, kuti mkwatibwi adzapita bwanji ku tchalitchi. Mtima unandiwawa. Ndinaloza galimoto ija pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti adzakwera imeneyo. Ankhoswe anatsokomola. Koma Esinati anandiyang'ana mwachimwemwe moti kubweza mawu kunali kosatheka.

Ntchito inayambika. Injini tinaitulutsa ndi chingwe chokoleka panthambi ya mango, amuna a m'mudzi akukoka, ine ndikulamula. Ndinaimasula yonse n'kuyala zitsulo pamphasa motsatana, monga ankachitira makaniko wathu. Nkhuku zinabwera n'kuzisanjanso mwa nzeru zawo. Mapisitoni ndinawatsuka ndi palafini, timagasiketi tating'ono ndinadula pa katoni ya sopo. Maring'i atsopano, timphete ta pa mapisitoni totchinga oilo, sanapezeke ngakhale ku Chipata, choncho ndinabwezeramo akale omwewo, ena ali othyoka (ndinadziuza kuti m'kati mwa injini mulibe amene amaona). Nditamanga zonse panatsala mabawuti odzaza chipewa, ndipo ndinafotokozera oonerera kuti azungu amangoika zambiri chifukwa cha mantha.

Pa oilo pokha sindinafune kuchita zachidule. Makaniko ankanena kuti galimoto yotere simwa oilo wamba, ndiye ndinagulitsa mbuzi n'kuitanitsa watsopano. Ndinamusunga m'chigubu chachikasu kuseri kwa chitseko. Wakale wakuda uja ndinamukhuthulira m'chigubu china n'kuchiika kuseri kwa khola. Nachonso chinali chachikasu. Kwathu zigubu zonse ndi zachikasu.

Masiku omwewo njovu zinali zitatulukira dimba la mkazi wanga, amake Esinati. Asikauti a zanyama anali ataphunzitsa amayi kusakaniza tsabola wosinja ndi oilo wakale n'kupaka pa zingwe zozungulira munda, chifukwa njovu ikanunkhiza zimenezo imabwerera. Tsiku lina ndili chagada pansi pa galimoto, amake Esinati anandipempha oilo. Ndinayankha ndili komweko kuti atenge wa m'chigubu chachikasu. Iwo sanafunse kuti chiti, inenso sindinanene kuti chiti. Madzulo ake ndinamva mtondo ukulira, anthu akuyetsemula kukhitchini, ndinangoti ndi zokonzekera ukwati.

Ntchito ndinaimaliza m'mawa wa tsiku la ukwati lenilenilo. Pothira oilo ndinaona kuti ndi wofiira, wokhuthala, ndipo akutuluka ndi timadontho. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kufunsa. Ine ndinatembenukira amuna amene anazungulira galimoto n'kuwauza kuti oilo wa mabwana amakhala choncho, wachikasu ndi wa malole. Onse anagwedeza mitu. Paja safunsa anadya phula. Maso anayamba kundiyabwa, koma ndinati ndi kusowa tulo.

Titalumikiza batire lobwereka, ndinapotokola kiyi. Inalira. Kunena zoona, mwa anthu onse amene anadabwa, wodabwitsitsa ndinali ine. Ndinaizimitsa msanga poti petulo anali wongokwanira ulendo umodzi.

Esinati anakhala kumbuyo ndi womuperekeza, diresi lili mbee. Ndinatseka mawindo awo kuti fumbi lisamudetse. Windo langa linalibe galasi, choncho ndinkayendetsa mutu uli kunja, ndikupatsa moni aliyense wa m'njira. Amayi ankatsatira pambuyo akuimba ndi kuvina, ine ndikuyenda pang'onopang'ono kuti mudzi wonse uone.

Injini itatentha, maring'i othyoka aja anayamba kugwira ntchito yawo, ndiyo kulowetsa oilo kumoto. Nyimbo kumbuyo inayamba kuchepa mphamvu. Kenaka inasanduka chifuwa. Ine ndinaganiza kuti amayi atopa ndi kachitunda, ndipo ndinachepetsanso liwiro kuti asatsalire (Mulungu andikhululukire). Sindinadziwe kuti utsi wina ukulowa m'galimoto kudzera m'mabowo apansi amene agologolo anasiya. Mukudziwa mwambo wathu: alangizi amamuuza mkwatibwi kuti tsiku limeneli asalankhule, asaseke, angozyolika. Mwana wanga anamvera. Womuperekeza nayenso anaona kuti mwini wake ali chete, n'kungoluma mpango.

Pa tchalitchi tinapeza akuchimuna atandanda pakhomo, azakhali aja ali patsogolo. Injini sindinazimitse, poopa kuti mwina siidzaliranso. Ndinatsika, ndinakonza tayi, n'kutsegula chitseko ngati dalaivala wa nduna.

Maso a Esinati anali psuu, otupa, misozi ili chuchuchu mpaka pachibwano, ufa wa kumaso utasanduka phala. Anatsika n'kuima, osatulutsa liwu. Azakhali anasendera, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anayang'ana ine.

"Asewere, mwanayu mwamukakamiza?"

Ndisanayankhe, anapitiriza:

"Kulira kwa ukwati timakudziwa, si uku. Manje ngati ali ndi mwamuna wina, akambe pano. Mwana wathu sitimulowetsa m'tchalitchi ndi munthu wosafuna."

Ndinaona Lameki akugwetsa nkhope, ndipo ankhoswe awo anayamba kunong'onezana. Mantha anandigwira. Ndinaona ukwati wa mwana wanga ukutha pamaso panga, ine wosadziwa n'komwe chimene chamuliza.

Pamenepo mphepo inatembenuka. Utsi wonse wa kumbuyo kwa galimoto unakhuthukira pa akuchimuna. Azakhali ndi amene anayamba kuyetsemula, magalasi n'kugwa. Ankhoswe anatsatira. A kwaya, amene anali atakoka mpweya wambiri kuti ayambe nyimbo, anamwazikana ngati nkhanga. Abusa anasuzumira pakhomo, anabwerera m'kati n'kutseka chitseko. Sikauti wina amene anali pagulupo anati fungo limeneli akulidziwa, koma sanalimvepo likuchokera m'galimoto.

Amake Esinati anafika kuchokera m'gulu la amayi lija, chitenje chili pamphuno, maso ngati a mwana wawo.

"Atate ake Esinati, oilo wanga wa njovu ali kuti?"

"Wanu uti?"

"Wa kuseri kwa chitseko. Ndinathiramo tsabola mtondo wathunthu, ndimati ayambe walowerera."

Ndinakhala pansi pafumbi ndi suti yobwereka, ndikuyang'ana galimoto yanga ikufukiza tchalitchi chonse. Anazimitsa injini ndi sikauti uja.

Koma azakhali anali asanabweze mawu awo. Akupukuta m'maso anati zautsi azimva, komabe akufuna amve kwa mwini wake. Esinati anayang'ana alangizi, anayang'ana amake, kenaka anaswa mwambo. Anagwira Lameki dzanja n'kunena ndi mawu osasa:

"Ine ndikumufuna. Andiliza ndi atate."

Sindinamvepo anthu akuseka ndi kulira nthawi imodzi ngati tsiku limenelo. Ukwati unadalitsidwa panja pansi pa mtengo, kumene kunkachokera mphepo, poti m'tchalitchi simunkaloweka. Pa chithunzi cha tsikulo aliyense akulira, kuyambira abusa mpaka ine. Pa madyerero azakhali anauza mkazi wanga kuti mtsikana wopirira utsi umenewo njira yonse osatsegula pakamwa, banja adzalitha. Ine anangondipatsira mbale ya tsabola.

Esinati anatha nthawi yaitali osandilankhula, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuyetsemula kwa pamsika. Anadzandikhululukira atabereka mwana woyamba, koma chithunzi chija anachikhoma pabalaza pomwe ndimakhala ndikapita kukacheza.

Galimoto analanda amake Esinati. Anaikankhitsa mpaka kudimba, ndipo dzuwa likamalowa amandituma kukailiza pang'ono. Njovu zinasiya kufikako. Amati pa zinthu zonse zimene ndinakonzapo chikwatirane, imeneyi yokha ndiyo ikugwira ntchito.

Phunziro ndinatolapo: chigubu changa tsopano ndimachimanga kansalu pakhosi. Komabe tikanena chilungamo, vuto linali oilo, injini payokha inalira ndipo inafika. Mwana wathu wachiwiri naye wapeza mnyamata, ndipo dzana ndinayamba kumufotokozera zimenezi bwinobwino. Sanandilole kumaliza. Akuti ku tchalitchi adzapita wapansi.