Zitini Zoboola ndi Nyimbo ya Kwaya

Lolemba
Alamu apita ku Mzuzu kumaphunziro a aphunzitsi. Andisiyira ana awo a Sitandade 6, ndiwaonetse mmene madzi amalowera m'nthaka. Akuti n'zosavuta: kuchotsa pansi pa chitini, kuchikhomera m'dothi, kuthiramo madzi, kuimikamo rula, kuona mmene akutsikira. Lachisanu ahedi adzaonerera. Akakhutira, ntchito yosamalira dimba la sukulu ndi yanga. Dimbalo ndikulifuna! Vuto ndi pakamwa pangapa. Ngakhale kumsika amandiuza kuti ndibwereze.

Lachiwiri
Ndikusaka zitini. Achemwali akana: china n'cha mchere, china cha koloboyi, china chotungira madzi. Amayi oyandikana nafe atamva kuti ndikufuna kuboola, akuti, "Chitini chabwinobwino? Uli bwino iwe?" Ndatola ziwiri zadzimbiri kuseri kwa sitolo.

Lachitatu
Ana afola, maso onse pa ine. Mawu anga ngati a udzudzu. Ndiye wotchi yapita ndi alamu pamkono! Mtsikana wina wamtali akuti nthawi tiziyeza ndi nyimbo ya kwaya, ikatha tiwerenge rula. Atsikana kukatondo, anyamata kumchenga. Dimba lonse likuimba. Zikoma chomene.

Lachinayi
Ana akuti katondo akumwa madzi msanga kuposa mchenga. Sizingatheke. Ndamvetsera bwino. Atsikana akukoka nyimbo ngati pamaliro, n'kubwerezanso kolasi. Anyamata akuithamangitsa ngati aitanidwa kukadya. Ndawapempha aimbire limodzi. Sakundimva. Ndabwereza. Kenako ndakuwa, "Chete!" Mbuzi zathawa. Inenso ndadzidzimuka.

Lachisanu
Oimba bwino onse atengedwa kukayeseza magule a chipani ku Boma. Ndatsala ndi osasa mawu. Chitini cha kumchenga chasowa, ndachiona pakhonde la mlonda atadzalamo mbande ya papaya. Ndachita manyazi kufunsa.
Ahedi afika. Tathira madzi, tayamba nyimbo, mvula yayamba nafe. Ya madontho akuluakulu. Mnyamata wogwira rula sakusuntha, akungolengeza m'Chitumbuka kuti madzi akukwera. "Ghakukwera, ghakukwera!" Ana akuvina m'matope. Ahedi aseka mpaka kugwira mtengo. "Mbwenu dothi lakhuta," atero, n'kuthawira muofesi.

Loweruka
Alamu abwera. Ndawafotokozera zonse, nawonso misozi mbwembwembwe ndi kuseka. Madzulo apita kwa ahedi. Yankho: dimba ahediwo analonjeza kale mphwawo. Ndikuchapa chitenje chamatope, sichikuyera.

Lamulungu
Dimba lapita. Chabwino.
Potuluka m'tchalitchi ana a Sitandade 6 andizinga. "Monire, asambizgi!" Ndacheuka kuti ndione aphunzitsiwo. Kumbuyo kwanga kulibe munthu. Ndayankha kuti yewo, ndipo palibe wandiuza kuti ndibwereze.
Mawa ndikapalira chimanga cha achemwali.