Nkhodolero Yasandutsa Malume Anga Mlenje

Kwa Akuluakulu a Kampani ya Kokaponya,

Olemekezeka mabwana,

Ndagwada, ngakhale simukundiona. Ndine Arlete wa kuno ku Msumba, mmodzi mwa amene tinakhulupirira mawu anu akuti aliyense angamange tsamba la pa intaneti pongokoka zinthu n'kuziponya pomwe wafuna. Langa ndinamangira malume anga a Timoteo, osema ng'oma za mganda. Ndinaphatikiza chithunzi, dzina ndi batani kukhala kachidutswa kamodzi, kamene inu mumati komponenti, kuti kazibwerezeka pa ng'oma iliyonse. Landirani zikomo wanga.

1. Zikomo poiphunzitsa ukhondo komponentiyo. Ikaona nkhodolero, kachizindikiro kolendewera kaja ka m'mawu akuti ng'oma, imayesa chitsotso n'kusesa. Lero tsambalo likulengeza ku dziko lonse kuti malume akugulitsa ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija, zazikulu ndi zazing'ono, chikopa chouma bwino.

2. Zithunzi zikanawaikira umboni, koma mwa nzeru zanu zimaoneka pa kompyuta pokha. Pa foni pamabwera bokosi lotuwa, ndipo kuno aliyense ndi wa foni.

3. Munalonjeza kuti tidzapeza alendo, ndipo simunaname. Oyamba anali alonda a nyama zakutchire, mfuti paphewa. Anapeza zikopa za ng'ombe zili padzuwa, nazinunkhiza mwaulemu, n'kunyamula sompho ndi mipeni yonse. Akuti abweranso Lachisanu, ndipo tsamba likadzakhala likunenabe za ngoma, malume adzakafotokoza bwino kupolisi ku Metangula. Awatu ndi munthu amene nkhuku amakaphetsa kwa aneba! Mudzi wonse ukuseka, ana akuwalonjera kuti alenje, koma iwo chakudya sichikutsika, ndipo ine mantha andigwira.

4. Malangizo anu ndawatsata onse. Ndazimitsa n'kuyatsa. Ndakwera chitunda cha kuseri kwa tchalitchi kusaka netiweki kuti ndionere kanema wanu wophunzitsa, mmene bambo wina wansangala akukonza vuto lina. Ndinamasula kachidutswa kamodzi n'kukonza pamanja, koma komponenti yaikulu, make wa tizidutswa tonse, inakabweza mumzere. Make mbuu, mwana mbuu. Pomaliza nditakulemberani, munandiyankha kuti kwanuko zonse zikuyenda bwino. Mtima wanga unakhala pansi kumva kuti inu muli bwino.

Sindingayerekeze kupempha kuti muphunzire chilankhulo chathu, ndinu anthu otanganidwa. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Chonde, Lachisanu m'mawa mutitumizire katswiri wanu mmodzi, atanyamula kompyuta ija imene zonse zimayenda bwino, adzakhale pakhonde pa malume n'kulandira alondawo. Akadzamutenga, musadandaule, chakudya tizikamuperekera.

Ine m'bale wanu, kapena mbale, monga makina anu andiwerengere,

Arlete