Madisiki Amene Sanabedwe

Mukamandiona lero ndikukonza makompyuta m'maofesi a ku Lilongwe, tayi pakhosi, musamandilemekeze kwambiri anzanga. Ndinachokera kutali, ndipo panjira ndinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito munthu wosalakwa chifukwa cha katundu amene sanabedwe n'komwe.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kumapiri a Ntchisi, kupitirira Kasakula. Malo aja ndimawasowa mpaka lero. M'mawa nkhungu inkatsekeratu chigwa chonse, ana n'kumatulukira mmodzimmodzi manja ali m'khwapa, mphepo ikubweretsa fungo la fodya wa m'zigafa. Bungwe lina linatipatsa makompyuta khumi ndi awiri pamodzi ndi sola yake, ndipo amene anadzalumikiza zonse anali mtsikana wa ku Lilongwe, dzina lake Tiyamike. Tsiku lomwe ankaphunzitsa aphunzitsi mmene zimagwirira ntchito ine ndinali kumaliro ku Chezi. Pobwerako ndinapeza ahedi athu, Mayi Kamanga, atandisankha kale kukhala woyang'anira labu, chipinda cha makompyutacho, chifukwa pasukulu ponse wokhala ndi laputopu ndinali ine ndekha. Inuyo mukanakana? Ndinalandira makiyi ngati katswiri, kabuku ka malangizo n'kukaponya m'dirowa osakatsegula.

Miyezi itatu zonse zinayenda bwino. Ukayatsa, timalemba toyera tinkathamanga pa sikirini yakuda, kenako kompyuta n'kutseguka. Pakona panali ina yaikulu yomatidwa pepala lakuti isamazimitsidwe wamba, ndipo zingwe zonse zinkakumana pa kabokosi ka timagetsi tophethira. Zoti zinkakambirana chiyani pa zingwezo, ine sindinkafunsa.

Ndiye Lachisanu lina ndinabwera ndi karauta kakale, kachipangizo kogawa intaneti kolowetsa simu khadi, komwe anandipatsa mlamu wanga. Cholinga changa chinali chabwino ndithu, ndinkafuna ana athu aone intaneti ndi maso awo, asamangoimvera m'mabuku. Ndinakalumikiza pa kabokosi kaja makompyuta ali chiyakire, koma intaneti sinabwere, poti netiweki kumeneko inkapezeka pamwamba pa phiri pokha. Ndinakasiya chilumikizire kuseri kwa kabati, ati mwina pofika Lolemba kakhala katagwira, ndipo ndinakaiwala nditangotseka chitseko.

Lolemba m'mawa ndinalowa ndi ana a Folomu 4. Tinayatsa. Timalemba tija tinathamanga pang'ono, timadontho n'kuyamba kundandalikana, kenako zii, uthenga wachingerezi wakuti fayilo ina sikupezeka. Onse khumi ndi awiri chimodzimodzi. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinazula zingwe, kuziuzira mpweya, kuzibwezera. Ina ndinaimenyako pambali ngati wailesi yotha mabatire, ana akundiyang'ana mwachikhulupiriro, ine thukuta kamukamu m'mawa wozizira ngati umene uja.

Apa ndi pamene ndinabwereka sikuludiraiva kwa wokonza njinga wa pamsewu. Chimene ndinkadziwa motsimikiza pa makompyuta chinali chimodzi: iliyonse imakhala ndi disiki m'kati, momwe mumasungidwa zonse. Ndinang'amba kapepala komata pachivundikiro, kumasula, kusuzumira. Munalibe disiki. Yachiwiri, mulibe. Ndinatsegula onse mpaka womaliza, ndipo ndisakunamizeni, penapake ndinkamva kukoma kuti vuto ndalipeza ndekha popanda wa ku Lilongwe. Ndinaimirira pamaso pa ana aja, aliyense wochokera mudzi wakewake, n'kunena mokweza kuti atibera.

Makiyi a labu tinali nawo anthu awiri, ine ndi mlonda wathu, a Fabiano. Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa chijasi chimodzi chaka chonse, ndipo ndi iwo ankasunganso makiyi a tchalitchi cha Katolika cha m'mudzimo. M'mawa uliwonse poweruka ankandisiyira mtedza wokazinga pawindo la labu. Ahedi anatuma uthenga kuti abwere ku ofesi, iwo anafika chipewa chili m'manja n'kufunsa kuti chinthu chabedwacho chimaoneka bwanji. Ndinawajambulira papepala, kukula ngati sopo wochapira. Anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali.

“Aphunzitsi, ine za makinawa sindidziwa,” anatero a Fabiano. “Koma timapepala timene mwang'amba potsegulati, wakubayo anatimatanso bwinobwino chonchi?”

Funso lanzeru ngati limenelo, ine ndinaliyankha bwanji? Ndinati akuba a masiku ano ndi ochenjera. Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo ndimafuna kubisa nkhope.

Komiti ya makolo inakumana masana omwewo n'kugwirizana kuti a Fabiano ayambe akhala kunyumba, ndipo Lachitatu nkhani ipite kupolisi. Pofika Lachiwiri akuluakulu a tchalitchi anali atakatenga makiyi awo, mwaulemu ndithu, ati mpaka zinthu zidziwike. Akazi awo a Fabiano atafika pamjigo, amayi onse anangoti chete. Munthu amene anakhala zaka zonse zija osasowetsa ngakhale choko, dzina lake linatha pa tsiku limodzi, ndipo wolithetsa ndinali ine.

Lachitatu m'mawa, komiti itasonkhana kale mu labu, ahedi anati ndiimbire Tiyamike atipatse manambala a madisikiwo kuti apolisi akalembe. Ndinakwera phiri, mphindi makumi awiri kupuma mwawefuwefu, mpaka pa mwala umene tonse tinkaimbirapo foni. Ndinamufotokozera za umbavawo ndi mawu achisoni.

“Aphunzitsi, kabuku kaja munawerenga?” anafunsa. “Makompyuta amenewo alibe disiki chipangidwire. Akayaka amafunsa pa chingwe kuti wina awapatse adiresi ndi kuwauza kokatenga zoyatsira, ndiye seva, yaikulu ya pakona ija, imayankha n'kuwatumizira zonse.”

Ndinavomera kuti kabukuko sindinakatsegule n'komwe. Koma mtsikanayo analibe nthawi yondimvera chisoni, anati ndikaone ngati seva ikuyaka. Ndinatsika, inali kuyaka, ndinakwera. Anati nanga timagetsi ta pa kabokosi tonse tikuphethira? Ndinatsika, tinkaphethira, ndinakwera. Ulendo uliwonse ndikalowa mu labu akomiti ankadzuka kufunsa ngati manambala apezeka, ine n'kumangoti tikufufuza, osawayang'ana kumaso. Kachitatu anandituma kukakopera adiresi imene kompyuta ikulandira isanaime. Nditamuwerengera, anati manambala amenewo si a seva yake, pali chinthu china chimene chikuyankha msanga kuposa seva. Anafunsa ngati pali chimene talumikizapo chatsopano.

Ndinayankha mwamphamvu kuti palibe. Mawu asanathe n'komwe m'kamwa, karauta ka mlamu wanga kanandibwerera m'mutu. Ndinakhala pansi pa mwala paja, ndikuyang'ana madenga a sukulu kumunsi, ndipo manyazi amene ndinamva sindinawamveponso. Nditamuuza za karautako, Tiyamike anandifotokozera akudziletsa kuseka kuti karautako kamagawanso maadiresi, kamathamangira kuyankha, koma sikadziwa kumene kuli mafayilo oyatsira. Kanali ngati munthu wolozera alendo njira pamene iyenso ndi mlendo.

Mukuganiza kuti ndinatsika n'kukaulula? Ayi ndithu, uchitsiru unali usanandithere. Ndinalowa mwakachetechete, kunyonyomala kuseri kwa kabati ngati ndikuyang'ana zingwe, kuzula karauta, kukalowetsa m'thumba la jekete. Kenako ndinayatsa kompyuta imodzi. Timalemba tinathamanga, n'kutseguka bwinobwino. Ina, inanso, onse khumi ndi awiri, ali chivundukulire, m'kati muli mbee.

Ndinkayembekeza kuti andiombera m'manja. M'malo mwake wapampando wa komiti anasuzumira m'kompyuta ina, kuona kuti mulibe kanthu koma ikugwira ntchito, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Anati izi si zapolisi ayi, bambo aja akuyendetsa makinawa ali kunyumba kwawo. Ena anayamba kugwedeza mitu kuvomereza. Taonani, munthu ndinamupanga wakuba Lolemba, Lachitatu ndinali pafupi kumupanga mfiti! Apa mtima unakana. Ndinatulutsa karauta m'thumba, kukaika patebulo, n'kuulula zonse kuyambira Lachisanu. Mayi Kamanga sanakalipe, anangovula magalasi n'kundiuza kuti njira ya kwa a Fabiano ndikuidziwa.

Madzulo ake ndinagula tambala wamkulu n'kupita. Ndinawapeza pakhonde akusankha fodya. Ndinakhala pansi, kupepesa, kupereka tambala uja ndi manja awiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula.

“Ndamva, aphunzitsi, ndipo ndakhululuka,” anatero. “Koma ponena munanenera pagulu, popepesa mwabwera kuseri. Dzina langa lili kumene munalisiya. Mukalitenge komweko.”

Tambala analandira ndithu, osati anabweza.

Choncho Lamulungu, mapemphero atatha, nthawi ya zolengeza, mkatekisiti anaitana dzina langa. Ndinaimirira kutsogolo kwa tchalitchi chodzaza ndi alimi a fodya ndi mtedza, ana anga a sukulu ali pamawindo, n'kuyamba kufotokoza za makompyuta opanda disiki. Ndinanena za seva, za maadiresi, za karauta kothamangira kuyankha, manja akulozaloza m'mwamba, anthu akundiyang'ana ngati ndikulankhula Chilatini. Ndikamaonjezera kufotokoza m'pamene ndinkasokoneza kwambiri. Mkatekisiti anandimvera chisoni, anandigwira paphewa n'kutembenukira kwa anthu.

“Mwachidule abale, aphunzitsi akuti wakuba kunalibe. Kunali iwo okha.”

Tchalitchi chonse chinaphulika kuseka, amayi a kwaya mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. Ine ndinasekanso, nanga ndikanatani? Pomwepo wapampando wa tchalitchi anadzuka, kuyenda mpaka pa benchi lakumbuyo pamene anakhala a Fabiano, n'kuwabwezera makiyi anthu onse akuona. Bambo aja anawalandira ndi manja awiri, ndipo kuseka kwanga kunathera pamenepo.

Lolemba anabwerera pantchito. Ndinakhala pasukulupo zaka zina zitatu, ndipo kabuku kaja ndinakawerenga mpaka kukasasantha, m'mene ndinayambira ntchito imene ndikudyera lero. Koma zaka zitatu zonsezo, tsiku lililonse ndikamatseka labu, a Fabiano ankafika ndi tochi yawo dzuwa likadalipo, nkhope ili duu, osamwetulira ngakhale pang'ono.

“Aphunzitsi, tisanatseke, tiyeni tione limodzi ngati zimene kulibe zija zikadali kulibe.”

Ndipo tinkaonadi, kompyuta imodziimodzi, iwo akuunika m'timabowo ta m'mbali, ine ndikuvomera kuti inde bambo, mulibe.

A Fabiano anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo ndinapita kukawaperekeza. Ndikanapereka chilichonse kuti andiseke kamodzinso kokha. Chichokereni kumapiri kuja ndinalumbira, ndipo lumbiro lake ndimalisunga: makina akakana kuyaka, ndisanatsegule chivundikiro, ndisanatsegulenso pakamwa, woyamba kumufunsa mafunso amakhala Mbewe, mwini wake ine, kuti Lachisanu unagwira chiyani.