Lumo la bambo anga lili m'chimbudzi

Ine ndine munthu woti ndikatsokomola ku Nazombe, ku Jenala amamva. Koma tsiku lija bwenzi nditangokhala ku dimba.

Kunabwera mlangizi wa zaumoyo, kamtsikana ka kumpoto (Chichewa chake chopota kuposa changa), kudzakamba za matenda otupa chiwindi. Ndinafika pamsonkhanopo mochedwa, ndinangotola mawu amodzi: chiwindi. Ndinaimirira osakweza ndi dzanja lomwe.

"Ndinanena kale ine! Chiwindi cha mbuzi chimene amagulitsa Che Idi chitimaliza!"

Che Idi, wopha mbuzi pamsika pathu, anali pabenchi ya kutsogolo. Anavula kofiya.

"Agogo," anatero mtsikana uja, "si chiwindi chodya ayi. Ndi chanu, cha m'mimba mwanumo. Mtundu wa B umayenda m'magazi: pogonana, pobereka, pobwerekana singano kapena lezala."

Anthu anaseka, amayi mpaka kuwombana m'manja. Ndikanakhala pansi pomwepo. Sindinakhale.

"Lezala ndi za anyamata osasamba! Ife timameta ndi lumo!"

"Eya, madala," anatero Che Idi pang'onopang'ono, ngati akusenda mbuzi. "Nanga pa kumeta kwa maliro, amene amadutsa mitu ya banja lonse ndi lumo limodzi, akacheka wina n'kungolipukuta pabuluku, ndani?"

Maso onse pa ine. Ntchito imeneyo ndi yanga, ndinasiyiridwa ndi bambo anga pamodzi ndi lumolo (ndipo sindichekacheka anthu, mitu ina ndi yazigwa).

"Ndimalinola pamwala!" ndinakuwa.

"Mwala supha kachilombo, agogo. Tiyeni muyambe ndinu kuyezetsa."

Ine! Pamaso pa apongozi! Ndinapereka chala nditayang'ana kuphiri. Pobwerera kunyumba ndinapeza akazi anga afika kale, akuchokera kuchimbudzi, akusasa m'manja.

"Lumo lili kuti, anaMbewe?"

"Kalinoleni komweko."

Magazi anga anatuluka oyera, mumve bwino. Kumeta ndimametabe, kungoti aliyense amabwera ndi lezala lake latsopano, n'kulitsegula yekha ine ndikuona, ngati ndine mwana.

Chondipweteka ndi a Makwinja, mnzanga woyandikana naye munda. Iwo anawapeza nako kachilomboko, amapita kuchipatala pafupipafupi. Komwe anakatenga palibe akudziwa, ngakhale mlangizi anatero. Sanandinenepo kanthu. Koma ndinawameta katatu ine, ndipo masiku ano akandiona ndikubwera, moni asanapereke, dzanja lawo limayamba lapita kumutu.