Mmene Ndinaphulitsira Thanki ya Makumba a Agogo

Mpaka lero ndikaona msomali ukufiira pamoto ndimayang'ana kumbali. Ndikuuzani chifukwa chake, ngakhale kuti nkhaniyi imandichititsa manyazi.

Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anakulira kunyanja ya Amaramba. Chaka chimene miyendo yawo inafa, anasiyanso kudya. Ankangogona pamphasa kwathu ku Mandimba, maso ali kudenga, phala likuzizira pambali.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa pensau ina, nyumba yogona alendo, ku Cuamba. Potseka malowo, patarawu, mwini wake uja, anandipatsa thanki yowetera nsomba, ya pulasitiki yoonekera ngati galasi, yaitali ngati bedi. Ndinaikweza pa shapa, minibasi ya kwathu kuno (mayi wina anafunsa ngati linali bokosi la maliro a azungu), ndinaiika pafupi ndi mphasa ya agogo, n'kuidzaza madzi mpaka pakamwa. Msodzi wina anandibweretsera makumba asanu amoyo.

Agogo anatembenuza mutu. Tsiku lachitatu anamaliza phala lonse uku akukalipira nsomba.

"Taona wamkuluyo! Dyera ngati malemu agogo ako aamuna."

Sabata yachiwiri khoma lakutsogolo la thankiyo linayamba kutuluka mimba, lakumbuyo chimodzimodzi. (Chitsulo chogwira pamwamba ndinachisiya ku Cuamba. Ndinkayesa chopachikira nyale.) Munthu wanzeru akanafunsa odziwa. Ine vuto langa ndimaonerera anthu akamagwira ntchito, kenako n'kumadziona ngati mmisiri.

Ndinayamba ndi malegeni, mphira zija timamangira katundu panjinga. Ndinazunguliza katatu. Mphira inangotamuka, mimba ili pomwepo.

"Wandimangira nsomba ngati thumba la makala. Ndiziona bwanji?"

Ndinamasula. Kenako ndinadula nsungwi ziwiri n'kuchirikiza ngati nkhokwe yopendama. Agogo anazigunda ndi chigongono potenga kapu, zonse zinagwa.

Ndipamene ndinakumbukira bambo wina wokonza zidebe pamsika, yemwe amaboola pulasitiki ndi msomali wamoto n'kusoka ndi waya. Ndinati basi, ndiboola makoma onse awiri chakumwamba, ndidutsitse waya, ndipotokole ndi kamtengo mpaka mimba ibwerere.

"Iwe, suchotsa kaye madziwo?"

"Ayi agogo, ndi kantchito kochepa."

(Ndisaname, ndinkaopa kukatunganso ndowa makumi awiri kumjigo.)

Msomali unalowa bwinobwino, nyumba yonse fungo la pulasitiki. Ndinapotokola waya, mimba n'kuyamba kubwerera. Ndinamwetulira. Ndinati ndiwonjezeko kamodzi kokha kuti agogo aone kuti analera munthu.

Thee! Mng'alu unayambira pabowo n'kutsika mpaka pansi. Ndinauika chikhatho ngati ndikutseka pakamwa pa mwana. Kenako phwaa!

Madzi anandigwetsa chagada. Anakokolola mphasa, bulangete, mankhwala a agogo ndi thumba la ufa. Ndikudzuka ndinapeza agogo, anthu oti miyezi inayi ankachita kutembenuzidwa, atakhala tsonga m'matope, nsomba yaikulu ija ataigwira m'makha ndi dzanja limodzi.

"Tseka chitseko, enawo athawira ku Malawi!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkalira, ndikuthamangitsa nsomba kunsi kwa tebulo. Ndinati tiziike m'beseni, koma iwo anapukusa mutu.

"M'beseni ndingazione ndili chigonere? Tenga mpeni ndi mchere, mwanawe. Izi zasanduka ndiwo."

Masana amenewo anadya nsomba yonse, n'kutsopa mutu womwe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina sindinalakwitse kwenikweni.

M'mawa mwake anayang'ana nthawi yaitali pamene panali thanki paja. Panatsala dothi lonyowa basi.

"Unditembenuzire kukhoma."

"Agogo, ndikapeza ina ku Cuamba."

"Ukapeze," anatero mofatsa, ngati akutonthoza mwana. Phala sanalikhudze.

Ndinafunafuna ndithu, koma zinthu zotere sizigulitsidwa pamsika ngati mapoto. Agogo anatisiya mvula isanagwe. Patapita nthawi ndinafotokozera mmisiri wina wowotcherera zitsulo. Anati akanandipangira felemu tsiku limodzi, ndipo thanki yodzaza saikhudza, amayamba wachotsa madzi. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga bwanji simunafunse, achimwene?"

Zinali ndowa makumi awiri zokha, abale. Ndikanatunga.