Matalala a ku Poland

Lolemba, 22 Disembala

Sukulu tatsekera! Lachisanu ine ndi Tisa, mnzanga wa ku Lusaka amene timagona chipinda chimodzi, tikukwera sitima kupita kumapiri. Chibwerereni kuno ku Poland ndimangodziwa kalasi, hositelo ndi shopu ya pakona. Zakwana.

Zonyamula: jekete lalikulu lija, masokosi onse, magolovesi obwereka, chitenje chojambulitsira.

Panja payera kuti mbee ndi sinoo. Ndaimbira amama ku Kambombo, akufunsa za nyengo. Ndinene chiyani? Sinoo kwathu alibe dzina. Ndangoti, "Kwagwa matalala, amama, ofika m'mawondo." Foni yaduka pomwepo. Netiweki ya kwathu!

Lachiwiri, 23 Disembala

Sinali netiweki. Mlongo wanga wamkulu, a Yotamu, akuti amama anaiponya pansi foniyo ndi mantha.

Kwathu matalala si masewera. Chaka china anang'amba chimanga chathu chonse, kupha anapiye, kuboola malata a khitchini. Ndipo amenewo anagwa kanthawi kochepa. Tsono ofika m'mawondo!

Ndikufotokoza mpaka kukhosi kuuma: ndi ofewa, sapweteka, ana amaseweretsa. Amama: "Manje matalala ofewa unayaonapo kuti? Ukunibisila iwe." Alumbira kuti sadya kanthu mpaka andione ndi maso awo ndili m'nyumba yosabooka denga.

Munthu wa BP! Mapiritsi awo aja amafuna m'mimba muli kanthu. Ndakwiya, ndiponso ndikuopa.

Lachitatu, 24 Disembala

Nzeru: chithunzi. Ndagwada pa sinoo kutsogolo kwa galimoto ina, ndikumwetulira mano onse panja, Tisa wajambula. Ndatumiza pa foni ya a Yotamu.

Ku Kambombo chithunzi chimalowa munthu akakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Chalowa, koma theka lapamwamba lokha. Kukuoneka denga la galimoto yokwiririka, basi. Ine ndi mano angawo tatsala m'njira.

Zotsatira zake:
amayi a kutchalitchi adzaza pakhomo pathu, akupemphera;
anthu akudutsa kudzapepesa;
bambo wina wafunsa ngati azunguwo abzalenso chimanga kapena nthawi yatha.

Ndawakalipira a Yotamu kuti sukulu anapitiranji ngati sangafotokoze za sinoo. Iwo: "Nawauza. Ati iwe unaendako liti?"

Lachinayi, 25 Disembala

Khirisimasi yotani iyi! Mzinda wonse watseka, shopu ya pakona nayo. Palibe anandiuza kuti kuno amadzitsekera m'nyumba ngati kwagwa maliro. Kwathu ku Chama panopa wailesi zikulira pa msika, ana akudumpha matope ndi nsapato zatsopano. Ine: buledi wa dzana, mazira, tiyi wopanda mkaka. Ndiponso sizikutsika ndikaganiza kuti amama sakudya.

Tapangana chonchi: mawa a Yotamu awakweza pa njinga mpaka ku boma, kwa amalume aphunzitsi, kumene vidiyo imagwira. Aimba m'mawa, ndiwaonetsa denga, ine n'kuthamangira sitima ya masana.

Tisa akuti, "Zima cabe foni, tiyende." N'zosavuta kunena amako akamadya.

Lachisanu, 26 Disembala

Mvula yakhuthuka ku Kambombo. Kamtsinje ka panjira kadzaza, njinga siwoloka. Akudikira pagombe kuti mwina madzi aphwa, ine ndikudikira pabedi nditavala jekete, chikwama pamiyendo.

Ndaganizapo zokalandirira foni m'sitima. Akaona chiyani pa windo? Zoyera zokhazokha, mwana wawo ali pakati pake. Angakomoke pomwepo.

Tisa wapita. Akuti ndimupeze mawa, malo andisungira mpaka Loweruka basi.

Amene ndawakwiyira lero: kamtsinje kaja, chulu chija, a Yotamu, makolo athu onse amene anapeka mawu a mvula ya mitundumitundu n'kuiwala sinoo, ndi pakamwa pangapa.

Loweruka, 27 Disembala

Madzi aphwa! Awoloka! Afika ku boma!

Amalume ali ku ukwati ku Tembwe. Apita ndi foni yawo. Abwera mawa.

Ndafunsa ngati boma lonse la Chama, maofesi onse aja, anamwino onse aja, palibenso wina wa foni ya vidiyo. Amama akana: "Nkhani za m'banja pa foni ya anthu? Iyai." Nkhani imene Kambombo yense wakhala akuipempherera!

Sitima yomaliza yapita ndikuiona pa wotchi. Tisa akutumiza zithunzi, akutsetsereka pa phiri pakamwa yasa. Sindikuyankha. Mu hositelo muli zii, tatsala ine ndi mlonda amene sabweza moni.

Chinanso: mawu a amama ndi amphamvu ndithu kwa munthu amene sanadye chiyambire Lachiwiri.

Lamlungu, 28 Disembala

Vidiyo yagwira. Nkhope zathinana pa foni ya amalume, amama pakati. Ndawaonetsa denga, ngodya zonse. Ndatsegula windo, kutapa sinoo, kumufinya m'manja, mpaka kumulawa pamaso pawo.

Amama ayang'anitsitsa. Kenako: "Ndiye vimenevi? Vili monga ufa. Manje unakambila chani matalala, kuyofya anthu?"

Ndawapempha kuti tsopano adye. A Yotamu aphulika kuseka kumbuyoko. Amama anadya kale pa Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku, abusa atawauza kuti tsiku lobadwa Ambuye munthu sasala. Ndipo chidyereni sanasiye. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zondiuza!

Kenako amama ayamba kusuzumira kumbuyo kwanga. "Anzako ali kuti?"

Ndawauza kuti anapita kumapiri.

"Nanga iwe watsalila chani? Tinakutuma kutali kuti uone dziko, osati kukhala m'nyumba monga nkhuku yofungatila." Atembenukira kwa amalume: "Mwana uyu sakonda kuyenda. Anatengela atate ake."

Ndangoti, "Inde, amama." Foni itaduka ndakuwira mu pilo.